Maso a Mumtima ndi Ogulitsa Maloto

Pali malonda ena amene afala m'mizinda masiku ano, ndipo ogula ake ambiri ndiwo anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu posacedwa. Malondawo ndi a maloto. Amagulitsidwa m'mabuku oyalidwa pansi m'mbali mwa miseu, amalalikidwa m'misonkhano yolipiritsa pakhomo, ndiponso amatumizidwa pa lamya za m'manja usana ndi usiku. Ciphunzitso cake n'cimodzi ngakhale cibvale malaya osiyana-siyana: munthu atsinzine, aone mumtima mwake galimoto limene alifuna, nyumba ya njerwa, kalata yomuitana ku nchito, akhulupirire kolimba kuti zinthuzo n'zake kale, ndipo zidzafika zokha monga nkhuku zithamangira madeya. Mnyamata amene wayenda miyezi 6 ndi setifiketi m'thumba, nsapato zitatha zidendene, mau oterewa amawameza osatafuna.

Ciphunzitsoci sicinamere m'dziko muno. M'caka ca 1937 munthu wina wa ku America, dzina lake Napoleon Hill, anasindikiza buku la mutu wakuti Think and Grow Rich, m'mene anauza owerenga kuti alembe pa pepala ndalama zimene azifuna, ndi kudziona m'mawa ndi madzulo ali nazo kale m'manja. Mu 1952 mbusa wa ku New York, Norman Vincent Peale, anabveka nzeru yonga yomweyo mkanjo wa cipembedzo m'buku lake la The Power of Positive Thinking. Kenaka mu 2006 mai wina wa ku Australia, Rhonda Byrne, anaturutsa The Secret, naphunzitsa kuti maganizo a munthu amakoka zinthu zofanana nao monga maginito akoka misomali: woganiza cuma akoka cuma, woganiza tsoka akoka tsoka. Mabuku atatuwa agulidwa mamiliyoni-mamiliyoni, ndipo alaliki ambiri a lero amangotapa m'menemo monga munthu wotapa m'nkhokwe ya mwini, osanena kumene watenga.

Bodza loonekeratu silibvuta, pakuti ali yense amalizindikira. Loopsya ndi lija lobisala kumbuyo kwa coonadi. Ogulitsa maloto anagwira cinthu coona ndithu nacipotoza, cifukwa cake wofuna kuwatsutsa ayenera kuyamba wabvomereza coonaco. Akulu ena amanyoza zonse pamodzi, namati kuona zinthu mumtima n'kulota masana, nchito ya aulesi. Iwowa alakwa, ndipo kulakwa kwao kumathandiza ogulitsa aja, pakuti mwana akaona kuti atate ake akana ngakhale cimene iye wacimva m'thupi mwake, amathamangira kwa mlendo womubvomereza.

Munthu ali ndi maso awiri pankhope, koma ali nao ena m'kati. Alinso ndi makutu a m'kati, lilime la m'kati, ndi manja a m'kati. Wina akangochula bwemba, malobvu amadzaza m'kamwa mwa womva ngakhale mtengowo uli kutali. Woomba ng'oma amamva kalizidwe kake ali cigonere pamphasa, zala zikugunda pa cifuwa. Mai woumba mbiya amaona pakamwa pake ndi mimba yake dongo likali m'dengu. Zimenezi makolo anazidziwa kale-kale. Cimene anthu a sayansi anaonjezapo ndico kuziyesa ndi miyeso.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1930, dokotala wina wa ku Chicago, Edmund Jacobson, anamangirira timawaya pa mikono ya anthu, nawauza kuti akhale cete, angoganiza kuti alikupinda mkono kapena kunyamula kanthu. Mkono sunayende, koma makina ake anaonetsa kuti m'minofu yeniyeniyo yopindira mkono munadutsa kamphamvu kakang'ono ka magetsi. Mu 1992 Guang Yue ndi Kelly Cole, ku Iowa, anayesa cinthu cimene munthu angaseke pocimva: mphamvu ya kacala kakang'ono ka kumapeto kwa dzanja. Gulu lina linakankha ndi kacalako kwa milungu 4, ndipo mphamvu yake inakwera ndi magawo 30 pa 100. Gulu lina silinakankhe, linangokhala pansi n'kumaganiza kuti likukankha ndi mphamvu zonse, ndipo mphamvu yake inakwera ndi magawo 22 pa 100. Maganizo sananenepetse mnofu iai. Cimene cinakula ndi luso la ubongo potumiza lamulo ku mnofuwo.

Nkhani yomveka koposa ndi ya piyano. Mu 1995 Alvaro Pascual-Leone ndi anzake ku America anafalitsa zimene anapeza atasonkhanitsa anthu osadziwa kuyimba piyano, nawaphunzitsa kanyimbo kakafupi ka zala zisanu za dzanja limodzi. Ena anakayimba pa piyano maora 2 tsiku liri lonse kwa masiku 5. Ena anakhala patsogolo pa piyano nthawi yofanana, manja ali phee, nkumaona zala zikuyenda ndi kumva maliwu mumtima mokha. Atapima ubongo wao anapeza kuti dera lolamulira zala linasintha m'magulu onse awiri mofanana. Pa kayimbidwe, oganiza aja anatsala m'mbuyo: tsiku lacisanu anali pamene anzao anali tsiku lacitatu. Koma atapatsidwa maora 2 okha ogwira piyano yeniyeni, anawapeza anzaowo.

Kufikira pano ogulitsa maloto aomba m'manja, pakuti nkhani zoterezi amazikonda, ndipo amazichula pa misonkhano yao. Koma pali funso limene salifunsa: kodi anthu amenewa ankaona ciani? Wa piyano uja sanali kudziona ataimirira pa nsanja, khamu likupfuula, maluwa akugwa pa mapazi ake. Ankaona cala cacikuru, kenaka camkombaphala, kenaka capakati, cimodzi-cimodzi, maora awiri athunthu, nchito yotopetsa yosakoma konse. Wa kacala uja sanali kudziona atasanduka ciphona. Ankamva kukankha. Onsewa ankaona nchito, pamene ogulitsa maloto amaphunzitsa kuona malipiro. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwa kulima ndi kudya, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa.

Anthu anayesa ziwirizi moyang'anizana. Mu 1999 Lien Pham ndi Shelley Taylor, a pa yunivesite ya California ku Los Angeles, anafalitsa zimene anacita ndi ophunzira amene anatsala ndi masiku ocepa, osapitirira mlungu, kuti alembe mayeso. Gulu loyamba analiuza kuti kwa mphindi 5 tsiku liri lonse lidzione likuwerenga: kukhala pa tebulo, kutsegula buku, kubwereza zolemba, kukana anzao owaitana kukaceza. Gulu laciwiri analiuza kuti lidzione litakhoza bwino, likuwerenga zotsatira ndi cimwemwe codzaza tsaya. Gulu lacitatu sanaliuze kanthu. Mayeso atalembedwa, gulu loyamba ndilo linapambana, ndipo linaposa laciwiri ndi malikisi pafupi-fupi 8. Gulu laciwiri, lija linadziona litakhoza kale, linawerenga maora ocepa koposa onse, ndipo linatsalira ngakhale kumbuyo kwa amene sanauzidwe kanthu. Kudziona atapambana sikunangolephera kuwathandiza, kunawabera ndithu.

Wotsiriza sukulu amene afuna nchito ayenera kumva za mai Gabriele Oettingen, amene waphunzitsa ku Hamburg ndi ku New York, natha zaka zambiri akufufuza maloto a masana. Mu 2002 iye ndi Doris Mayer anafalitsa nkhani ya ophunzira a ku Germany amene anali m'caka cao cotsiriza pa yunivesite. Anawafunsa ngati amakonda kudziona mumtima atapeza nchito yabwino mosabvuta, ndipo patapita zaka 2 anawalondola. Aja amene ankasangalala kawiri-kawiri ndi zithunzi zokomazo anali atatumiza makalata ocepa ofunsira nchito, anaitanidwa ku nchito zocepa, ndipo malipiro ao anali otsika poyerekeza ndi anzao. Mu 2011 Oettingen ndi Heather Kappes anapima kuthamanga kwa magazi kwa anthu olota zokoma, napeza kuti kumatsika, monga kumacitira kwa munthu amene watsiriza nchito nakhala pansi kupumula.

Cifukwa cake sicibvuta kucimva. Mphamvu yomweyo imene imadzaza malobvu m'kamwa pochula bwemba ndiyo imanyenga mtima. Munthu akadziona mwacimvekere atalandira kalata ya nchito, atagulira amai ake citenje, anthu a m'mudzi akumupatsa ulemu, mtima umalawa kukomako tsopano lino, ndipo njala imene ikanamudzutsa m'mamawa imazirala. Wadya nsima ya m'maloto, wakhuta, wagona. M'mawa mwake m'nkhokwe mulibe kanthu, ndipo amabwerera kwa wogulitsa uja kukagula loto lina. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere zoluma koposa ndi izi. Ngati maganizo ndiwo amakoka zonse, ndiye kuti wosauka anadzikokera yekha usiwa wake, ndipo wodwala anadziitanira yekha matenda. Mnyamata amene wasowa nchito m'mzinda mmene ofuna nchito acuruka kuposa malo amauzidwa kuti bvuto liri m'mutu mwake: sanakhulupirire mokwanira, analola kukayika kulowa. Tsono pa umphawi wake amasenzanso manyazi. Wogulitsa sangalakwe konse, pakuti zikayenda ulemu ngwake, zikalephereka mlandu ngwa wogula. Sing'anga wonyenga wa kumudzi ankacita cimodzi-modzi: mankhwala akapanda kugwira, ankati wodwala anaswa cizimba. Kusiyana kwake n'kwakuti sing'angayo ankalandira nkhuku imodzi, pamene awa amalandira ndalama za sukulu za mlongo wake wa mnyamatayo. Ndipo pa anthu onse a m'nkhaniyi, amene cuma cimamufikadi ndi wogulitsa buku.

Lamulo lina la ogulitsa maloto ndi lakuti munthu asaganize konse za zobvuta, kuti angazikoke. Lamuloli amalitsutsa ndi munthu yemweyo amene iwo amakonda kumuchula, Michael Phelps, mnyamata wa ku Baltimore amene anapata mendulo 8 za golidi pa masewera a Olympic ku Beijing mu 2008. N'zoona kuti mphunzitsi wake, Bob Bowman, anamuzoloweza kuyambira ali wamng'ono kuona mpikisano wonse mumtima asanagone ndiponso podzuka: kudumphira m'madzi, kupalasa kuli konse, kutembenuka pa khoma. Koma m'zithunzi zimenezo ankaikamo dala ngozi, monga cobvala kung'ambika kapena magalasi a m'maso kulowa madzi, nakonzeratu cocita. Ku Beijing, pa mpikisano wa mamita 200 wa kasambiridwe ka butterfly, magalasi ake analowadi madzi, ndipo cakumapeto sanali kuona khoma. Sanatekeseke. Anawerenga kupalasa kwa manja ake, podziwa kucuruka kwake kucokera khoma lina kufika lina, nagunda khoma woyamba pa mphindi 1 ndi masekondi 52.03, nthawi imene panalibe munthu anaifikapo ndi kale lonse. Akanamvera lamulo la The Secret, tsiku limenelo likanamupeza wosakonzeka. Makolo anati walira mvula walira matope, ndipo Phelps matopewo anali atawaponda kale mumtima.

Pali cinanso cimene sacinena pa nsanja. Phelps ankasambira maora ambiri tsiku ndi tsiku, ngakhale pa Sabata, kwa zaka zambiri. Zithunzi za mumtima mwake zinali zoona cifukwa thupi lake linali litamwa madzi a m'dziwe losambiramo. Maso a m'kati salenga kanthu kucokera pa cabe, amangoumba ndi dongo limene manja ndi maso a kunja anakumba. Natan Sharansky, amene anamangidwa ndi boma la Soviet Union kuyambira 1977 kufikira 1986, anasunga nzeru zake m'kacipinda kamdima ka cilango posewera chess mumtima, wopanda bolodi wopanda mnzake; ndipo mu 1996 ku Israel anagonjetsa katswiri wa dziko lonse, Garry Kasparov, pa tsiku limene Kasparov ankasewera ndi anthu ambiri nthawi imodzi. Koma Sharansky anadziwa chess kuyambira ubwana wake ku Donetsk. Munthu wosadziwa nsolo angatsekeredwe zaka 9, sadzaturuka katswiri wa nsolo. Ngakhale aja a piyano anayamba aonetsedwa kanyimboko ndi kayendedwe ka zala, ndipo kanali kakafupi.

Tsono wofuna kugwiritsa nchito maso a m'kati ayambe wapita kukaona ndi a kunja. Mtsikana woitanidwa kukafunsidwa mafunso a nchito ya ukalaliki amacita bwino kudziwa kumene kuli ofesiyo, basi imene akwere, nchito imene amagwira m'menemo, ndi mafunso amene anzake anafunsidwa m'malo otere. Akatero ali ndi dongo. Madzulo akhale pa yekha, aone citseko, amve kugogoda kwake, amve mtima ukugunda ndi pakamwa pakuuma, pakuti zidzatero ndithu, ndipo adzimve akupuma mpweya ndi kupereka moni. Amve funso limene amaliopa koposa, lija lakuti cifukwa ninji malikisi ake a masamu anali otsika, ndipo ayankhe ndi mau enieni, ciganizo ndi ciganizo, kufikira yankho litakhazikika pa lilime. Wophunzira kuyendetsa galimoto amve phazi lamanzere likumasula kilachi pang'ono-pang'ono pa citunda, amvenso injini ikazima, ndi cimene dzanja licite pamenepo. Wophunzira ukalipentala aone msumeno ukutsata mzere wa pensulo, amve m'dzanja pamene uyamba kupatuka. Zimenezi sizikoma monga kudziona m'galimoto latsopano, ndipo kusakomako ndico cizindikiro cakuti nchito iri kugwirika.

Pali ndi muyeso wodziwira ngati munthu alikudzinyenga. Mu 1989 Jean Decety ndi Marc Jeannerod, ku Lyon m'dziko la France, anaonetsa anthu malo a pa mtunda wa mamita 5, 10 ndi 15, nawamanga maso, nawauza kuti ayende kufika pamenepo, nthawi zina ndi miyendo, nthawi zina mumtima mokha. Nthawi ya ulendo wa mumtima inali pafupi-fupi yofanana ndi ya ulendo wa miyendo: mtunda ukatalika, ndi ya mumtima yomwe inkatalika. Cithunzi coona cimayenda pa liwiro la thupi. Munthu amene watsiriza mumtima mayeso a maora 3 pa mphindi imodzi sanayeseze kanthu, wangolumpha kucokera pakhomo kufika pa cikondwerero. Ndiponso ofufuza amene mu 1994 anasonkhanitsa zoyesa zambiri za mtundu umenewu, James Driskell ndi anzake, anapeza kuti kuyeseza kwa mumtima kumathandizadi, koma sikufika pa kuyeseza kwa manja, ndipo phindu lake limazirala masiku akamapita ngati munthu sabwereza.

Wina adzati: nanga wosauka akalandidwa maloto ake, adzatsala ndi ciani? Kodi si ciyembekezo cimene cimamudzutsa? Funsoli n'labwino, ndipo Oettingen yemweyo analiyankha posiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Cina ndi kuyembekeza kokhala ndi maziko, kwa munthu amene ayang'ana zimene anacita kale nati, ndinakhoza zija, ndikhoza ndi izi. Ophunzira a ku Germany amene anali ndi kuyembekeza kotere ndiwo anapeza nchito zambiri ndi malipiro abwino. Cina ndi kusambira m'zithunzi zokoma zopanda maziko. Njira imene iye amaphunzitsa siletsa kulakalaka iai. Munthu aone cimene afuna, alawe kukoma kwake pang'ono, koma pomwepo atembenuke nayang'ane copinga cimene ciri mwa iye mwini, kaya ndi tulo, kaya ndi manyazi, kaya ndi lamya ya m'manja imene imadya madzulo ake onse, ndipo apange pangano lomveka lakuti copingaco cikafika adzacita cakuti. Njirayi iri ndi phindu linanso limene ogulitsa maloto sangalikonde: nthawi zina imaonetsa munthu kuti cimene alakalaka sicitheka pa tsopano, ndipo amacisiya nagwira cina cotheka, m'malo motaya zaka zake akudikira kalata imene sinalembedwe.

Otsala ndi anthu ena amene amaturuka m'misonkhano ija ali ndi cisoni cobisika. Mlaliki anati tsinzinani muone, ndipo iwo anatsinzina naona mdima wokha-wokha. Amaganiza kuti ali ndi cilema ca mzimu kapena cikhulupiriro cocepa. Sizitero. Kale mu 1880 Francis Galton wa ku England anafunsa anthu ambiri kuti akumbukire tebulo limene anadyerapo m'mawa, nanene kuwala kwa cithunzi cimene aona. Ena anaona zonse mbee ngati masana, ena mwa cizimezime, ndipo ena, pakati pao anzake a sayansi ochuka, anati saona kanthu konse, nayesa kuti mau akuti maso a mumtima ndi okuluwika cabe. Mu 2015 dokotala wa ubongo wa ku Exeter, Adam Zeman, anapatsa mkhalidwewu dzina lakuti aphantasia, ndipo anthu zikwi-zikwi anamulembera makalata kunena kuti ali otero cibadwire. Si matenda. Ambiri a iwo amadziwa bwino maonekedwe a zinthu ngakhale saziona, ndipo amayeseza nchito ndi mau a mumtima, kapena ndi pensulo pa pepala.

Mmodzi wa otere ndi Ed Catmull, amene anathandiza kuyambitsa kampani ya Pixar yopanga mafilimu a zithunzi za pa kompyuta. Atazindikira za mkhalidwe wake anafunsa amisiri amene anagwira nao nchito, napeza kuti ena mwa ojambula aluso ali cimodzi-modzi. Wina ndi Glen Keane, amene anajambula Ariel, mtsikana wa m'nyanja wa mu filimu ya The Little Mermaid ya 1989. Keane akatsinzina saona nkhope iri yonse. Amayamba ndi kukhwaca-khwaca pa pepala, mizere yosokonekera, ndipo amafufuta ina nalimbitsa ina kufikira nkhopeyo itaturuka pa pepalapo.